Kuseka kwa Ulemu

Ine ndimaseka mokweza. Ndinatengera mayi anga, amene ankati akaseka pamsika ku Ntcheu, ife kunyumba tinkayamba kutsuka mphika podziwa kuti ndiwo zapezeka. Kuseka kumeneku ndi kumene kunandipezetsa ntchito imene sindinafunsire, m'nyumba yosanja ya miyala yofiirira imene tinkakhalamo ku Pollokshields, mumzinda wa Glasgow.

M'nyumbamo tinali mabanja asanu ndi atatu, khomo lolowera limodzi, masitepe amodzi. Masitepewo tinkakolopa mosinthana, ndipo panali kakhadi kamene kankapachikidwa pa chitseko cha amene sabata yake yakwana. Loweruka lina m'mawa kakhadiko kanali pa chitseko chathu. Ndinali chogwada ndi ndowa yanga, foni nditaipanikiza ndi phewa, mng'ono wanga akundisimbira za mkwati wina kumudzi amene anabwereka suti ya amalume ake, amalumewo n'kubwera kudzaiitanitsa phwando lili mkati. Ndinaseka chikhakhali mpaka ndinakhala pa sitepe yonyowa. Potukula maso ndinaona achikulire a pamwamba ataima ndi thumba la zinyalala m'manja, akundiyang'ana ngati mlimi amene waona mtambo woyamba wa mvula.

Za achikulirewa ndinkadziwa zochepa. Ankakhala okha m'fulati ya pamwamba penipeni, zaka zawo zinali zitapitirira makumi asanu ndi awiri, ndipo anali aatali, oonda, a nkhope yooneka ngati angolandira kumene uthenga wa maliro. Tikakumana ankatukula chipewa, basi. Tsiku limeneli anadikira kuti ndimalize kuyankhula pa foni, kenako anandifunsa ngati ndingawabwereke makutu anga kwa ola limodzi pa sabata. Ndinaganiza kuti ndi kusungulumwa chabe, matenda amene ndawaona mwa okalamba ambiri a kuno. Ndinavomera.

Lachiwiri lotsatira, nditaweruka ku famase kumene ndimagwira ntchito, ndinakwera pamwamba ndi mandasi m'mbale yovundikira. Pa khoma la pabalaza pawo panali zithunzi zakale zambiri, ndipo pafupifupi chilichonse chinali cha anthu awiri omwewo: wamtali wa nkhope ya maliro, ndi wamfupi wonenepa amene pakamwa pake panali potsegula nthawi zonse. Apa m'pamene ndinadziwira kuti kwa zaka zitatu ndinkakolopera masitepe munthu amene anthu ankamuonera pa wailesi ya kanema.

Anabadwira kumpoto kwa England, ndipo anabwera ku Glasgow kudzaphunzira zamalamulo ku yunivesite ya ku Hillhead. Kumeneko anakumana ndi wamfupi uja, mnyamata wa ku Gorbals, ndipo awiriwo anayamba kulemba timasewero tatifupi toseketsa ophunzira anzawo. Sukulu inathera panjira. Analembera wailesi, kenako anaitanidwa ku kanema, ndipo kwa zaka makumi awiri ankalemba limodzi ndi kusewera limodzi. Gawo la achikulirewa linali losaseka. Iwo ankakhala wapolisi, kalaliki, kapena woperekera zakudya, ataima njo ndi nkhope yawo ija, pamene mnzawoyo akugwetsa mbale ndi kusokoneza dziko lonse. Anandiuza kuti pa ntchito ziwirizo yovuta ndi ya woimayo, chifukwa iye akangomwetulira pang'ono sewero lonse lafa. Koma anthu ankatuluka akukumbukira wogwetsa mbale.

Atafunidwa ku London, anafunidwa mmodzi. Mnzawoyo anapita, natchuka, ndipo iwo anatsala. Sanadandaule pondiuza zimenezi, koma ine zinandiwawa ngati achitira m'bale wanga. Pambuyo pake ankalembera anthu ena nthabwala, dzina lawo n'kumadutsa mothamanga kumapeto kwa pulogalamu anthu atapita kale kukatereka tiyi. Nyengo ya Khirisimasi ankavala diresi ndi wigi n'kukhala mayi wolongolola m'masewero a ana. Anakhalapo mawu a bisiketi pa malonda a pa wailesi. Kawiri konse anakhala mtembo m'sewero la apolisi, ndipo pa zonse zimene anachita, ichi ndi chimene anandiuza monyadira kwambiri, poti akuti woyang'anira sewero anachita kuwagwedeza kuti atsimikize kuti ali moyo.

Tsono mnzawoyo anali atamwalira kumayambiriro kwa chisanu. Mkazi wake ankakonza mwambo womukumbukira kuno ku Glasgow, kwawo kwa malemuyo, ndipo anapempha achikulirewa kuti adzachite kanthu kwa mphindi khumi. Panali patatsala miyezi itatu. Iwo anali asanaimepo pa siteji kwa zaka zoposa khumi, ndipo ubwenzi wawo ndi malemuyo unali utatsalira pa makhadi a Khirisimasi okha. Anandiuza kuti m'holomo mudzadzaza anthu amene amakhulupirira kuti woseketsa anali mmodzi. Sankafuna kupikisana ndi wakufa. Ankangofuna kuti asakachititse manyazi zaka makumi awiri zija pamaso pa mayi wamasiye.

Anandikhazika pa mpando wa ndalema, iwo anaima pafupi ndi windo ndi mapepala khumi ndi awiri, pensulo ili m'dzanja. Anati ntchito yanga ndi kumvetsera basi. Anayamba kuwerenga.

Chingerezi ndimachimva bwino, musandione choncho. Mawu onse ndinawamva. Koma nkhani zake zinali za nduna za boma zimene zinachoka ine ndisanabadwe, za sitima zakale, za bambo wina wobweza ketulo kusitolo. Kwa ine zinali ndiwo zopanda mchere. Atafika pamalo ena anaima kaye, nandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinadziwa kuti pamenepa ndi pofunika kuseka, ndipo ndinaseka.

Ndiyenera kudziteteza pang'ono, chifukwa sindinkadziona ngati wabodza. Ine ndinaleredwa kuti mawu a munthu wamkulu sagwa pansi iwe uli pomwepo. Apongozi anga aamuna ali ndi nkhani ya njinga yawo imene inaduka mabuleki pa chitunda, ndipo ndaimva kosawerengeka, koma nthawi zonse ndimaseka pamalo pake. Abusa akaponya nthabwala paguwa, amayi a Mvano timailandira, ikhale yakupsa kapena yaiwisi. N'chimodzimodzi ndi kulandira chinthu ndi manja awiri. Sufunsa ngati mphatsoyo ukuifuna. Tsono munthu wamkulu, wofedwa, ataima pamaso panga ndi mapepala m'manja, ndikanatani? Akaima kaye, ine ndinkaseka, iwo n'kulemba kanthu ndi pensulo. Ndinkaganiza kuti akukonza mawu.

Zinayenda choncho masabata atatu. Achikulire anasintha. Anayamba kuimba mluzu potsika masitepe, anameta tsitsi, ndipo mandasi ankadya atatu. Pa Lachiwiri la sabata yachinayi anandionetsa mapepala aja. M'mphepete mwa pepala lililonse munali mochongachonga. Anandifotokozera kuti umu ndi m'mene ankagwirira ntchito ndi mnzawo uja kuyambira ali anyamata: wina awerenge, wina amvetsere. Womvetsera akaseka, wowerenga achonge. Pepala lopanda chochonga aliponye pansi, popanda kukambirana kapena kuchonderera.

"Munthu akhoza kukunamiza ndi mawu," anatero, "koma kuseka sikunama. N'chifukwa chake ndinakusankhani pa masitepe paja. Ndipo taonani, mayi. Moyo wanga wonse sindinalembepo mapepala khumi ndi awiri popanda limodzi logwa pansi."

Ndinatola mbale yanga n'kutsika masitepe, chilungamo ndisanawauze.

Madzulo ake ndinawauza amuna anga tikudya. Iwo ndi injiniya, munthu wokonda kuti chinthu chimene chikuyenda chisagwidwegwidwe.

"Asiyeni madala asangalale," anatero. "Mukawadisapointa, BP ikakwera, ambulansi muitana ndinu. Komanso mwina azungu anzawo akaseka. Inu nthabwala za kuno mumazidziwa?"

Mawu omalizawo ndinawagwiritsitsa, chifukwa ankandimasula. Mwina vuto linali ine. Mwina kunali anthu amene akamva za ketulo amagubuduka pansi. Ndinadziuza kuti ndiwauza Lachiwiri likubwerali, kenako ndinati linalo. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ine mwambiwo ndimaudziwa kuyambira ku pulayimale, koma sunandithandize kanthu.

Achikulire anakonza zokayesera kaye pagulu laling'ono. Ku Gorbals kuli holo ya tchalitchi kumene okalamba amakumana Lachinayi masana kudzadya limodzi, ndipo woyang'anira anawalola kuti adzawasangalatse akamaliza kudya. Anandipempha kuti ndiwaperekeze. Ndinasinthana ndi mnzanga kuntchito, ndipo tinakwera basi, iwo atavala tayi.

M'holomo munali anthu ngati makumi atatu, fungo la supu lili gu. Ena anawazindikira. Bambo wina anawagwira dzanja n'kuwafunsa ngati si aja ankaima pafupi ndi woseketsa uja, ndipo iwo anavomera kuti ndi omwewo. Ine ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi agogo ena aakazi ovala chipewa chaubweya. Achikulire anaima kutsogolo, anatsokomola, nayamba za nduna zija. Anafika pa malo oyamba oima kaye. M'holo munali zii. Kwinakwake supuni inagunda mbale.

Sindinathe kupirira. Ndinaseka. Pamalo achiwiri ndinasekanso, ndekha, mawu anga aja a pamsika akumveka mpaka kudenga. Anthu anayamba kutembenuka kuyang'ana ine m'malo moyang'ana iwo. Pachinayi ndinaona achikulire akundiyang'ana pamwamba pa magalasi, koma kayang'anidwe kake sikanali ka pabalaza paja. Ankamvetsera. Agogo a chipewa aja anandigwira bondo mwachifundo n'kundifunsa ngati ndine wantchito wowasamalira bamboyo. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Sanamalize mapepala onse. Anawerama, anthu anawomba m'manja mwa ulemu womwewo umene ine ndinkaudziwa bwino, ndipo woyang'anira analengeza kuti tsopano ndi nthawi ya keke. Tinakwera basi yobwerera kunyumba. Iwo ankayang'ana kunja, mapepala atawapinda pakati.

Anayankhula titafika pa masitepe, pakhomo pathu penipeni.

"Mwaseka kasanu ndi kawiri," anatero. "Konseko kuseka kwake kumodzimodzi, poyambira pamodzi, pothera pamodzi. Tsiku lija ndi ndowa yanu simunaseke choncho. Ndinayenera kuzimva kalekale. Ndinkafuna kusazimva."

Ndinayesa kufotokoza. Ndinawauza za apongozi ndi njinga yawo, za kulandira ndi manja awiri, za kuti kwathu timati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndiye kuti wamkulu sumukanira pamaso. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Anthu andikuwizapo, mayi. Ena anandigendapo ndi makoko a malalanje. Koma wondimvera chisoni ndinu woyamba."

Apa mtima wanga unaphulika, poti nanenso sindichedwa kupsa. Ndinawauza kuti chisoni ndi china, ulemu ndi wina, ndipo ngati kuno anthu amasangalala kuona nkhalamba ikuyankhula yokha ngati wailesi yoiwalidwa, ine sindinaleredwe choncho. Iwo anayankha motsitsa mawu kuti ulemu wangawo wawatuma kukachita manyazi pamaso pa okalamba anzawo, ndipo ukanawatumanso pamaso pa mkazi wa mnzawo. Anatukula chipewa monga mwa masiku onse, nakwera. Ndinamva chitseko chawo chikutsekedwa, osati momenyetsa, ndipo zikanakhala bwino akanamenyetsa.

Kwa sabata ziwiri sindinakwereko. Ndinkakazinga mandasi ndikulongolola ndekha kuti ndani anawatuma kubwereka makutu a mwini, ndipo amuna anga ankadya mandasiwo mosangalala, osafunsa zambiri. Lamulungu kutchalitchi mkulu wa mpingo wina, polengeza za kwaya, anaponya nthabwala yake yachizolowezi. Ndinadzimva ndikuseka. Kunali kuseka komwe kuja, poyambira pamodzi, pothera pamodzi. Ndinayang'ana amayi anzanga ndipo onse tinamaliza nthawi imodzi ngati tikuimba Amen. Sindinganene kuti ndinachita manyazi ndi mwambo wathu, ayi. Mkuluyo sankayeza kanthu ndi kuseka kwathu, ankangofuna kudziwa kuti tili naye limodzi. Koma achikulire a pamwamba anabwera kwa ine ngati munthu wofuna sikelo, ndipo ine ndinkakanikiza ndi chala.

Loweruka lotsatira kakhadi kanali pa chitseko chawo. Ndinawamva akutsika ndi ndowa sitepe ndi sitepe, akupuma movutikira, popanda mluzu. Panali patatsala sabata zitatu kuti mwambo uja uchitike. Lachiwiri ndinakwera chimanjamanja, ndinagogoda, ndipo atatsegula ndinalowa osadikira kuuzidwa. Pa tebulo panali envulopu yomata kale, ya kwa mayi wamasiye uja. Anandiuza kuti amulembera kuti thanzi lawo silili bwino ndipo sadzatha kubwera.

"Thanzi lanu lili bwino, ndakumvani mukukolopa," ndinatero, ndikukhala pa mpando wa ndalema. "Tengani mapepala anu muwerenge, bambo. Koma mudziwe kuti walira mvula walira matope."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakatenga mapepala. Anawaongola pa bondo, naima pa windo paja.

Ndabereka ana awiri, koma ola limenelo ndimaliwerengera pamodzi ndi zowawa zimenezo. Akaima kaye n'kundiyang'ana, zinali ngati mwana akulira pamphasa iwe utaletsedwa kumunyamula. Kuseka kuja kunkabwera kokha mpaka pakhosi, ine n'kumeza. Manja ndinawakhalira. Pepala loyamba linatha, anadikira pang'ono, nalisiya kuti ligwe. Lachiwiri linagwa. Nduna zonse zinagwa, sitima zinagwa, ketulo nayo inagwa. Pofika lachikhumi ndinali nditanyowa thukuta m'khwapa, kunja kukuzizira. Lomaliza litatera pa kapeti, m'manja mwawo munatsala pensulo yokha.

Ndinkaopa kuti alira, ndipo sindinkadziwa kuti ndidzatani. M'malo mwake anapumira m'mwamba n'kunena kuti ndakhala ndendende ngati mnzawo uja, kungoti iye ankaonjezera mwano. Ndinafunsa kuti mwano wotani. Anati ndiime, iwo akhale pampandopo andionetse m'mene mnzawoyo ankamvetserera.

Munthu wamtali uja anafupika ndikuona. Mapewa analowa m'kati, mimba imene analibe inatuluka. Anavula magalasi, anawauzira mpweya, nawapukuta ndi tayi pang'onopang'ono ngati wowerengayo palibe. Anatenga bisiketi pa mbale, naitembenuza uku ndi uku monga munthu wogula mbuzi. Anaiviika mu tiyi mpaka inaduka n'kumira, ndiye anayamba kuivuula ndi pensulo, nkhope ikuonetsa kuti zimene akumva zikumupweteka m'mano. Kenako kuseka kunayamba kumugwira munthuyo mosafuna. Analimbana nako, milomo ikunjenjemera, mphuno ikutukumuka, ndipo kutamuthawa kamodzi kokha, kwi, anakwiya n'kuyang'ana wowerengayo ngati wamubera nkhuku.

Sindikudziwa kuti ndinagwa nthawi yanji. Ndinapezeka nditakhala pa kapeti pakati pa mapepala aja, nthiti zikuwawa, misozi ili mbwembwembwe, ndikupempha kuti aleke. Malemuyo sindinamuonepo ali moyo, koma ndinamudziwa, chifukwa ndi m'mene amalume anga amamvetserera mlandu. Achikulire anasiya. Anayang'ana uku ndi uku kufuna pepala loti achonge, ndipo chimene chinali pafupi chinali envulopu ija. Anachonga pamenepo.

Nditapeza mpweya ndinawauza kuti zimene achitazo kwathu zimachitika pamaliro a munthu wokalamba. Zidzukulu zimatenga jekete kapena ndodo ya malemu, n'kumatsanzira mayendedwe ake, katsokomoledwe kake, ngakhale m'mene ankakalipira ana. Anandifunsa ngati ofedwa sakhumudwa. Ndinati amalira akuseka, chifukwa kwa kanthawi kochepa munthu wawo amakhala wabwerera pabwalo. Analowa kuchipinda, ndipo ndinamva madirowa akutsegulidwa. Anatuluka ndi juzi ya bulauni yobooka m'zigongono, imene mnzawoyo anaiwala m'nyumbamo asanapite ku London. Anali ataisunga zaka zonsezo. Ataivala, manja ake analekezera pakati pa mikono, ndipo m'mimba munatsala malo a munthu wina.

Sabata zotsalazo tinagwira ntchito yeniyeni, Lachiwiri ndi Lachisanu. Sinali yokoma. Zambiri zimene ankawonjezera zinkagwa pansi, ndipo tsiku lina anandinena kuti ndine wouma mtima kuposa malemuyo, mawu amene ndinawalandira ngati mendulo. Koma panali pepala limodzi limene analitola pa kapeti n'kukana kulitaya, lija la bambo wobweza ketulo. Anati ndi chinthu chomaliza chimene anayamba kulemba ndi mnzawoyo, ndipo sanachimalize limodzi. Ndinawauza katatu konse kuti siloseketsa. Katatu konse anayankha kuti akudziwa. Ndinaganiza kuti ndi liuma la ukalamba, ndipo ndinkada nkhawa kuti lidzawononga zonse zimene tinakonza.

Mwambowo unachitika Loweruka masana m'nyumba yaing'ono ya zisudzo pafupi ndi Hillhead. Ine ndi amuna anga anatisungira malo pa mzere wachitatu. Anthu otchuka a ku London anayankhula, ena motalikitsa, ndipo anaonetsa zithunzi za malemuyo akugwetsa mbale, wamtali ataima pambali pake. Dzina la achikulire litaitanidwa, m'manja munawombedwa mwapakatikati.

Anatuluka atavala juzi ija, atanyamula kapu ya tiyi, nakhala pa mpando umene unali pakati pa siteji. Atangovula magalasi n'kuwauzira mpweya, mayi wamasiye uja, amene anali kutsogolo kwathu, anagwira pakamwa. Pofika pa bisiketi holo yonse inali itafa ndi phwete, makamaka okalamba amene anagwirapo ntchito ndi malemuyo. Mayiyo ankagwedezeka mapewa, mwana wake atamukumbatira, ndipo sindikanatha kusiyanitsa ngati akulira kapena akuseka. Amuna anga, amene saseka wamba, ankamenya bondo langa m'malo mwa lawo.

Phokoso litatsika, achikulire anaimirira. Anavula juzi ija, naiveka bwinobwino pa mpando, manja ake atagona pa zogwirira, ngati mnzawo uja wakhalapo akumvetsera. Anatulutsa pepala m'thumba la malaya, naima chapambali monga ankaimira pa windo. Mtima wanga unagwa nditazindikira kuti ndi ketulo ija. Anawerengera mpandowo mpaka kumapeto, ndipo anaima kaye.

Palibe anaseka. Kunali zii kuja kwa ku Gorbals, koma tsopano pamaso pa anthu mazana, pamaso pa mayi wamasiye. Kuseka kwanga kwa ulemu kunakwera kokha mpaka pakhosi. Amuna anga anandigunda ndi chigongono n'kunong'oneza kuti, "Athandizeni madala." Ndipo achikulire anatembenuza mutu pang'ono, nandipeza pa mzere wachitatu, nandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Ndinaluma mlomo. Manja ndinawakhalira, misozi ikutsika, ndipo ndinawasiya aime okha m'chete umenewo, munthu wamkulu, ine ndili pomwepo.

Anagwedeza mutu kamodzi, ngati munthu amene walandira chimene anabwerera. Kenako anayang'ana juzi ija pa mpando.

"Inde," anatero. "Ndikudziwa."

Anatsegula zala, ndipo m'holo munali chete moti tonse tinalimva pepalalo likutera pansi.